Sitata Ikakana, Musathamangire Kugula Ina

M'mwezi wa Januwale, mmodzi wa ophunzira athu akale, amene tsopano amalima matimati ndi repu m'dimba lake, anafika pano pa sukulu akukankha njinga yake yamoto. Njingayo ndi yakale, ya injini ya 125cc, ndipo kiki yake inaleka kugwira kalekale mano ake atatha, kotero mwini wake ankadalira batani lokha. Tsiku lina m'mamawa, mabokosi a matimati atawamanga kale kumbuyo, anadina batani, njinga n'kungoti "tha!" kamodzi, kenaka zii. Makaniko wina wa pamsika, osatsegula n'komwe pamene pamakhala batire, anamuuza kuti sitata yafa. Mbale wathuyo anatenga ndalama zimene anasungira feteleza wobereketsa, nakagula sitata yatsopano ku boma. Ataimanga, njinga inatinso "tha!" monga poyamba paja. Pamene ankafika kwa ife n'kuti matimati atawagulitsa motchipa kwa ogula odutsa, chimanga chikuchita chikasu kumunda, ndipo sitata yakale, imene inalibe chilema chilichonse, ili m'thumba la pulasitiki. Iye mwini anatilola kuti nkhaniyi tiilembe, ndipo tibwereranso kwa iye tikafika pa chimene chinavuta.

Njinga yamoto masiku ano ndi chipangizo cha pamunda monga pulawo ndi ngolo. Ndiyo imanyamula mbewu ndi feteleza, ndiyo imafikitsa ndiwo zamasamba ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke zisanafote, ndiyonso imathamangitsa wodwala ku chipatala usiku. Zambiri zimene muli nazo munagula kwa ena zitayenda kale: Yamaha AG200 zimene alangizi a zaulimi ndi mabungwe anayendera zaka zambiri, Bajaj Boxer, TVS, ndi zija za ku China zimene injini yake inatengera ya Honda CG125. Mitundu ya mawaya ndi malo a zipangizo zimasiyana, koma kayendedwe ka magetsi a sitata n'kamodzi pa zonsezi.

Tikudziwa kuti ena anena kuti, "Aphunzitsi, bola kiki ilipo." Zoona, ndipo amene yake ikugwira aisamale. Koma taganizirani njinga itazima pa chikweza, kumbuyo kuli matumba awiri, pansi pali matope. Kapena taganizirani bambo wachikulire amene bondo limamuvuta. Komanso sitata ikayamba kufooka, kawirikawiri imakhala ikuulula matenda a batire kapena a chaji, amene mukawanyalanyaza adzapha hutala ndi magetsi okhotera, ndipo pa njinga zina adzazimitsa ndi injini yomwe.

Njira ziwiri za magetsi

Amene anaphunzira kuthirira ndi ngalande akudziwa kuti madzi akapanda kufika pa bedi lomaliza, sitikumba chitsime china. Timayenda m'mbali mwa ngalande kuchokera ku gwero, kuyang'ana pamene patsekeka kapena pamene pagumuka. Magetsi a sitata tiwalondole momwemo. Kusiyana kwake n'kwakuti madzi amathera m'bedi, pamene magetsi ayenera kubwerera ku batire kumene anachokera. Njira yobwerera ikaduka, palibe chimayenda, ngakhale njira yopita ili bwinobwino.

Njira yoyamba ndi yaikulu, ya mawaya onenepa. Imachoka pa mutu wa batire wa chizindikiro cha +, kufika pa kabokosi kotchedwa solenoidi, kuchoka apo kufika pa sitata yeniyeniyo, imene ndi mota yaing'ono yomangidwa pa injini. Magetsi akagwira ntchito mu sitata amadutsa m'chitsulo cha injini, n'kubwerera ku mutu wa − kudzera pa waya wina wonenepa, amene amakaniko amamutcha earth.

Yachiwiri ndi yaing'ono, ya timawaya topyapyala. Imachoka pa batire, kudutsa pa fiyuzi, pa kiyi, pa switchi yofiira yozimitsira injini ndi pa batani. Pa njinga zambiri imadutsanso pa tiswitchi tachitetezo: kena pa chogwirira cha kilachi, kena kozindikira kuti giya sinalowe, ndipo pa njinga zina kena pa mwendo woimikira wa m'mbali. Njira imeneyi imathera mu solenoidi. Solenoidi ili ngati mlonda wa pachipata: magetsi ochepa a njira yaing'ono akafika, amapanga maginito amene amakoka kachitsulo n'kulumikiza mitu iwiri ya mkuwa, ndipo magetsi ambiri a njira yaikulu amadutsa. "Tha" uja mumamumvayo ndi kachitsulo kameneka.

Anapangira chonchi chifukwa sitata imakoka magetsi ochuluka kwambiri. Getsi lakutsogolo la mawati 35 limakoka ma ampu pafupifupi 3, pamene sitata ya njinga yaing'ono imakoka ma ampu makumi angapo. Magetsi otere atati adutse m'batani, batanilo lingasungunuke. Apa mpamenenso pamachokera chinyengo chimene chimasocheretsa ambiri. Batire lofooka, kapena mutu wadzimbiri, zikhoza kuyatsa kagetsi kobiriwira ka N ndi kuliza hutala, koma n'kulephera kutembenuza sitata. Tsono mawu akuti "batire lili bwino, taonani magetsi akuyaka" si umboni.

Yambani ndi khutu

Musanagwire sipanala, imikani njinga pa mwendo wapakati, giya ikhale pa N, ndipo dinani batani uku mukumvetsera ndi kuyang'ana kagetsi kobiriwira kaja.

Tichotseretu chimene si matenda a sitata. Injini ikamazungulira mwamphamvu koma osalira, sitata yachita mbali yake. Vuto lili ku petulo, ku moto wa pa pulagi kapena ku mpweya, ndipo limenelo ndi phunziro lina. Musaumirire kudina. Lamulo lathu pano ndi kudina osaposa masekondi 5, n'kupumira masekondi 10 kapena kuposa. Sitata ilibe choiziziritsa, sinapangidwe kuti izizungulira nthawi yaitali, ndipo taona masitata abwinobwino atapsa chifukwa cha mpopi wa petulo umene unali wotseka.

Kukangoti zii, popanda ngakhale "tha", kagetsi kaja n'kumawala osasintha, uthenga sunafike ku solenoidi, ndipo tifufuze njira yaing'ono. Kukati zii magetsi onse ali ozima, tiyambire pa batire, mitu yake ndi fiyuzi. Ikati "tha" kamodzi, njira yaing'ono yagwira ntchito yake ndipo vuto lili m'njira yaikulu. Pamenepo kagetsi kamatithandiza: kakazilala kapena kuzima pamene mukudina, ganizirani batire ndi mitu yake, kakamawala monga kale, magetsi sakukokedwa mokwanira, ndipo tikayikire mkati mwa solenoidi, mawaya onenepa kapena sitatayo. Ikamati "tha-tha-tha-tha" mofulumira ngati makina osokera, pafupifupi nthawi zonse ndi kuchepa kwa mphamvu: solenoidi ikalumikiza, sitata imakoka magetsi, mphamvu imagwa, solenoidi n'kusiya, mphamvu n'kubwerera, iyo n'kulumikizanso. Ikamazungulira mokoka ngati ng'ombe yotopa pa goli, ndi batire, mitu yakuda kapena maburashi otha. Ndipo ikamalira "wiii" mopepuka injini osagwedezeka, mota ili moyo koma chimene chimailumikiza ndi injini chikuterereka. Za chimenechi tinena kumapeto.

Pali kuyesa kumodzi kumene ambiri amaiwala: kodi injiniyo ikutembenuka? Kanikizani kiki ndi dzanja, kapena lowetsani giya yomaliza n'kutembenuza tayala lakumbuyo. Injini imene yauma chifukwa chosowa oyilo, kapena imene yamwa madzi njinga itagwera mumtsinje powoloka, palibe sitata ingaitembenuze, ndipo kuiumiriza kumapinda zitsulo za mkati. Njinga ikagwera m'madzi, zimitsani kiyi, chotsani pulagi, tembenuzani injini ndi kiki kapena tayala mpaka madzi atuluke, ndipo sinthani oyilo musanailize.

Batire ndi mitu yake

Pano tikhalitsapo, pakuti mavuto ambiri amene timawaona amathera pomwepa. Chida chimodzi chimene tikupempha aliyense wokhala ndi njinga kuti akhale nacho, kapena kalabu igule chimodzi cha onse, ndi mita yoyezera magetsi. Mtengo wake sufika pa mtengo wa sitata, ndipo idzakuthandizaninso pa sola ya kunyumba. Itembenuzireni pa DC 20V, waya wofiira pa +, wakuda pa −.

Batire la njinga lili ndi zipinda 6, chilichonse cha mavoliti 2.1. Likagona usiku osagwira ntchito, lodzaza limaonetsa 12.6 kapena kuposerapo pang'ono. Likaonetsa 12.2 latsala ndi theka, ndipo likatsika pansi pa 12.0 lilibe kanthu. Ophunzira amadabwa akamva zimenezi, poti 12 ndiye nambala yolembedwa pa batirepo, koma nambala imeneyo ndi dzina chabe la mtundu wake. Kuyeza kwenikweni ndi kwachiwiri. Siyani mita pomwepo, mnzanu adine batani. Batire lamoyo limatsika kufika cha pa 10 kapena 11 n'kukhazikika pomwepo sitata ikuzungulira. Likagwa pansi pa 9.5, kapena kugweratu ku 5 kapena 6, lilibe chaji kapena lakalamba. Lichajeni kaye n'kuyezanso. Likagwanso, bwerekani la mnzanu limene mukulidziwa kuti ndi lamoyo. Njinga ikalira nalo, lanulo lafa, ndipo palibe asidi watsopano amene angaliukitse.

Pochaja, batire laling'ono lifuna moto wochepa kwa nthawi yaitali: gawo limodzi mwa magawo 10 a nambala ya Ah yolembedwa pambali pake. La 7Ah lifuna ma ampu 0.7 kwa maola 10 mpaka 12. Makina ochajira mabatire a galimoto amapereka moto woposa pamenepo kutali, ndipo batire la njinga limatentha, mbale zake za mkati n'kupindika. Njira ina yoliphera ndi kulilumikiza molunjika ku sola yaikulu ya padenga popanda kabokosi kolamulira chaji, pakuti sola yolembedwa 12V imatulutsa mavoliti 18 kapena kuposa padzuwa la masana. Batire likamachajidwa limatulutsa mpweya umene umayaka, choncho likhale panja kapena pamalo opita mphepo, kutali ndi mbaula ndi kandulo.

Ngati lanu ndi la zotsekera pamwamba, madzi ake akhale pakati pa mizere iwiri ya pambali. M'miyezi yotentha ya Seputembala ndi Okutobala amaphwera msanga. Thirani madzi a batire ogula m'sitolo okha. A pa mjigo ali ndi michere imene imawononga mbale za mkati. Asidi sathiridwa kawiri, chifukwa chimene chimauluka ndi madzi, asidi amatsala. Mabatire omata, opanda zotsekera, musawatsegule. Asidi akagwera m'diso, sambani ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 kapena kuposa, kenaka pitani ku chipatala.

Musanagule batire latsopano, dziwani chimene chinapha lakale. Lizani njinga ndi kiki kapena ndi batire lobwereka, kwezani moto pang'ono, n'kuyeza pa mitu. Mita ionetse pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ikakhala pa 12 ndi kanthu osakwera, njinga sikubwezera chaji, ndipo vuto lili ku regulator, ku koyilo ya m'injini kapena ku mawaya ake; batire latsopano pa njinga yotere lidzatha m'masiku ochepa. Ikapitirira 15, regulator ikuwiritsa batire. Onaninso zimene munawonjezera nokha. Chochajira foni, wailesi ya nyimbo kapena magetsi okongoletsa, zikamangidwa molunjika pa batire osadutsa pa kiyi, zikhoza kumayamwa usiku wonse. Ulendo wa mphindi zitatu wochoka kunyumba kupita ku dimba subweza chimene sitata inatenga, ndipo kuzizira kwa Juni ndi Julaye kukafika, oyilo atalimba, batire lokalamba limaululika.

Tsopano mitu. Pomasula yambani ndi −, pomanga malizani ndi −. Chifukwa chake n'chakuti mutu wa − ndi wolumikizana ndi felemu yonse. Sipanala ikakhudza felemu pamene mukumasula + uku − akadali womanga, mwalumikiza mitu iwiri ya batire ndi chitsulo chimene chili m'manja mwanu. Wotchi yachitsulo muvule. Ufa woyera kapena wobiriwira umene umamera pa mitu umachoka ndi soda yemweyo amayi amaphikira therere: musungunuleni m'madzi, tsukani, koma asalowe mkati mwa batire. Palani ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, mangani zolimba, ndipo mutamanga pakani Vaseline pamwamba. Mutu umene ukugwedezeka ndi dzanja sunamange, ndipo misewu yathu yokumbika imamasula ngakhale umene munamanga bwino. Ife pano timayendera mitu ya njinga za sukulu Lachisanu masana pokonzekera Sabata, kuti m'mawa mwake wopita kukalalikira ku nthambi yakutali asayambe tsiku lopatulika ndi sipanala m'manja.

Pa njinga ya mbale wathu uja zonsezi zinali bwino. Batire linaonetsa 12.6, ndipo podina batani silinatsike kwenikweni. Mitu inali yoyera. Tsono tinayeza njira yobwerera. Kayezedwe kake ndi aka: waya wina wa mita pa mutu wa − wa batire, wina pa chitsulo cha sitata pamene palibe penti, mnzanu n'kudina batani. Mita pamenepa ikuonetsa mphamvu imene ikutayika panjira. Njira yabwino imataya pang'ono chabe, osaposa 0.3. Pa njinga ija mita inalumpha kupitirira mavoliti 7. Titalondola waya wa earth tinafika pa bawuti ya pansi pa injini, pamene pamafika matope a ku dimba ndi madzi a m'makhwawa. Kunja wayayo ankaoneka wabwino, koma titasenda chikopa chake tinapeza kuti nsinga za mkuwa zadyeka ndi kubiriwira, zatsala zitatu kapena zinayi. Tinadula pamene panaola, kuika kamutu katsopano, kupala chitsulo cha injini, n'kumanga. Sitata yatsopano inazungulira nthawi yomweyo. Tinabwezerapo yakale kuti mwini wake aone ndi maso ake, nayonso inazungulira. Ntchito yonse sinathe ola. Mwini sitolo anakana kulandiranso sitata imene inali itamangidwa kale, ndipo sitimuimba mlandu.

Mbali ya + imayezedwa chimodzimodzi, kuchokera pa mutu wa + kufika pa nati ya pa sitata, ndipo pamenepo zotayika zisapose 0.5. Amene alibe mita agwiritse ntchito dzanja: mukadina kawiri kapena katatu, khudzani mosamala malo onse olumikizira, ndipo pamene pafunda ndi pamene magetsi akuvutika kudutsa. Chingwe cha kilachi chikamatentha podina batani, earth waduka ndipo magetsi akufuna njira yobwerera kudzera m'chingwecho. Mungathenso kutenga waya wina wonenepa, kumulumikiza kuchokera pa − kufika pa injini. Njinga ikalira, mwapeza chovuta.

Njira yaing'ono ndi solenoidi

Yambani ndi switchi yofiira, ndipo musachite manyazi. Ana amakonda kuseweretsa, ndipo ife tomwe tinayendapo ulendo wautali kukathandiza njinga "yakufa" imene inangofunika kudina switchi imeneyi. Kenaka fiyuzi. Ikapsa, ikani ina ya nambala yomweyo, kaya ndi 10, 15 kapena 20. Musaike waya wamba kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, limene sitiyembekeza kulipeza m'thumba la wophunzira wathu. Fiyuzi inaikidwa kuti izipsa m'malo mwa mawaya onse a njinga. Yatsopano ikapsanso pomwepo, waya wasupuka penapake ndipo akukhudza chitsulo. Yang'anani pansi pa thanki ndi pa khosi la njinga, pamene mawaya amapindika nthawi iliyonse mukakhota. Ngati njinga imagona m'chipinda chimodzi ndi matumba a chimanga kapena nshawa, yang'ananinso mano a makoswe.

Ikakana pa N, yesani mutakoka kilachi. Ikalira chonchi, kaswitchi ka giya kapena waya wake ndiye wavuta. Kaswitchi ka pa kilachi mukhoza kukayesa polumikiza timawaya take tiwiri, koma kumeneko ndi kuyesa chabe. Musakasiye chomwecho, chifukwa tsiku lina mwana adzadina batani giya ili yolowa. Batani lenilenilo limalowa fumbi ndi madzi a mvula. Masulani timabawuti take mutayala nsalu pansi, pakuti muli kasipuling'i kamene kakadumpha simudzakaonanso, ndipo palani timitu ta mkuwa mpaka tiwale.

Solenoidi imafa m'njira ziwiri. Magetsi akamafika pa timawaya take tating'ono mukadina, iyo osati "tha", koyilo yake yapsa. Ikamati "tha" koma magetsi osaoloka kupita ku waya wa sitata, mitu ya mkuwa ya mkati yapsa ndi kudyeka. Amakaniko amaiyesa polumikiza manati ake awiri aakulu ndi chitsulo cha sikuludilaivala. Kuyesa kumeneku n'kothandiza, koma kumalambalala chitetezo chonse cha njinga, kotero tamverani: giya ikhale pa N mutatsimikiza ndi kutembenuza tayala, njinga ikhale pa mwendo wapakati, pasakhale petulo wodontha, chogwirira cha chidacho chikhale chapulasitiki, ndipo khudzani kwa kamphindi chabe. Moto uthetheka, musadzidzimuke. Sitata ikazungulira mwamphamvu, iyo ndi batire zili bwino, ndipo vuto ndi solenoidi kapena njira yaing'ono. Ikapanda kuzungulira, solenoidi ilibe mlandu. Taonapo anthu amene anaisandutsa njira imeneyi kalizidwe ka tsiku ndi tsiku. Manati amasungunuka pang'onopang'ono, ndipo malo amenewo ali pafupi ndi batire ndi paipi ya petulo.

Nthawi zina mitu ya mkati ija imamatana, sitata n'kumazungulirabe mutasiya batani, ngakhale mutazimitsa kiyi. Pamenepo palibe china koma kumasula mutu wa − msanga. Chida chomasulira mutu umenewu chizikhala pa njinga nthawi zonse.

Mkati mwa sitata

Batire likakhala lamoyo, mawaya onse akuyenda, solenoidi ikuolotsa, ndipo injini ikutembenuka, pamenepo ndiye tili ndi chifukwa chokayikira sitata. Ngakhale apo, kawirikawiri imakhala yodwala, osati yakufa. Chizindikiro chodziwika ndi ichi: imakana, koma mukaigogoda pang'ono ndi mpini wa chida imazungulira. Amenewo ndi maburashi amene atha kapena akanirira. Tati mpini, osati hamala, chifukwa mkati mwa chigoba muli maginito omata amene amasweka ngati mbale yadothi, ndipo akasweka sitata yathadi.

Masulani kaye − wa batire. Pochotsa waya pa sitata, gwirani nati yapansi ndi sipanala ina pamene mukumasula yapamwamba. Kabawuti kaja kakazungulira, kamadula waya wa burashi mkati. Pa njinga zambiri sitata imagwidwa ndi mabawuti awiri, ndipo ikamasuka imasolola. Musanaitsegule, jambulani mzere ndi msomali kudutsa zigawo zake zonse, kuti pobwezera zikumane monga zinalili, pakuti chigoba cha maginito chikatembenuka sitata ikhoza kufooka kapena kuzungulira chobwerera. Gwirani ntchitoyi pa nsalu yoyera, ndipo timawashala tonse muyale mwa dongosolo limene tatulukira.

Mupeza chitsulo chozungulira chokulungidwa ndi mawaya a mkuwa, chimene kumapeto kwake kuli timizere ta mkuwa toyalana mozungulira. Pa timizereti ndi pamene pamatsamira maburashi, timiyala takuda ta makala tokankhidwa ndi masipuling'i, ndipo ndi iwo amalowetsa magetsi. Amatha ndi ntchito monga khasu. Akafupika kotero kuti sipuling'i sikuwakankhanso mwamphamvu, asintheni. Amagulitsidwa pamodzi ndi kambale kake, pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi sitata yathunthu. Akakhala aatali koma osayenda momasuka m'timabokosi tawo, ndi fumbi la makala kapena dzimbiri, ndipo kutsuka kokha kukwanira. Timizere ta mkuwa tikada, tipukuteni ndi sandipepa yosalala kwambiri mpaka tiwale, kenaka chotsani fumbi m'mipata ya pakati pake ndi kamtengo kosongoka, chifukwa fumbi la makala limayendetsa magetsi. Ndi mita yanu, yesani kuti magetsi akudutsa kuchokera pa kamzere kena kupita pa kanzake mozungulira monse, koma kuti sakudutsa kuchokera pa timizereto kupita ku chitsulo chapakati. Akadutsa pamenepo, kapena mawaya akada ndi kununkha chopserera, sitata imeneyo yafadi, ndipo tsopano mukhoza kugula ina ndi mtima umodzi.

Mukapeza oyilo mkati, labala yotchinga kumene sitata imalowa m'injini yatha. Isintheni, apo ayi maburashi atsopano adzanyowanso. Mukapeza dzimbiri, ndi madzi a m'makhwawa aja. Pobwezera, pakani gilisi wochepa kumapeto kuwiri kwa chitsulo chozungulira, koma pa maburashi ndi pa mkuwa pakhale pouma. Iyeseni isanamangidwe: igwireni zolimba pansi, − pa chigoba chake, + kukhudza pa nati, ndipo iyenera kudumpha ndi kuzungulira mwaukali.

Tatsala ndi "wiii" uja. Pakati pa sitata ndi injini pali timagiya ndi chipangizo chimene chimagwira mbali imodzi yokha, monga mmene njinga yakapalasa imagwirira mukapalasa ndi kumasuka mukaleka. Amakaniko amachitcha starter clutch. Mkati mwake muli timagudumu tachitsulo tokankhidwa ndi timasipuling'i. Tikatha, sitata imazungulira yokha, kapena imagwira ndi kusiya ndi phokoso lokukuta. Batire lofooka limafulumizitsa kutha kwake, chifukwa injini ikamatembenuzidwa mwaulesi imatha kubweza chammbuyo n'kumenya timagudumuto. Pa injini zambiri chipangizochi chili kuseri kwa chigudumu cha maginito, chimene chimachoka ndi chida chake chokokera. Amene alibe chidacho apite kwa makaniko amene ali nacho. Tikukuletsani kugogoda chigudumucho ndi hamala kapena kuchikanganula ndi chitsulo, pakuti mtengo wa chimene mudzaswe ndi woposa wa chimene mukufuna kukonza. Makaniko akachotsa, pemphani kuti akuonetseni: giya yake iyenera kuzungulira mosalala mbali imodzi ndi kugwira nji mbali inayo.

Ikafika nthawi yogula, kaya ndi maburashi, solenoidi kapena sitata yathunthu, nyamulani yakale popita ku sitolo. Masitata ambiri amafanana kunja koma amasiyana chiwerengero cha mano, kutalika kwa mphuno yolowa m'injini ndi malo a mabowo a mabawuti. Werengani mano nokha pa kauntala, yanu ndi yatsopano zili pamodzi, ndipo funsani musanapereke ndalama ngati adzailandiranso ikapanda kukwana. Yakaleyo musataye, chigoba chake, masipuling'i ndi timawashala zidzathandiza inu kapena mnzanu wa m'kalabu.